Mmene Mungasankhire Maloko ndi Makamera Otetezera Galaja ya Pakhomo

Anthu ambiri a kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu akamaliza kumanga galaja amagula loko wamkulu wonyezimira, n'kumukoleka pa kachitsulo kopyapyala kokhomedwa ndi misomali inayi, kenako amagona tulo poganiza kuti galimoto, njinga yamoto, pampu yothiririra ndi matumba a feteleza zili pabwino. Ena amathamangira kugula kamera asanakonze chitseko, ndipo tsiku limene akuba abwera amapeza kuti kamerayo inazima pamodzi ndi magetsi, kapena inangojambula chipewa cha munthu popanda nkhope yake. Popeza msewu wa M1 umayenda m'mphepete mwa malire a Mozambique kuchokera ku Dedza kudutsa pa Lizulu mpaka ku Biriwiri, njinga yamoto imene yatulutsidwa pakati pa usiku imakhala itafika kutali kukamacha. Ntchito yoyamba ndi kuchedwetsa wakuba kuti asalowe, ndipo ntchito imeneyi ndi ya chitseko ndi loko. Kamera imabwera pambuyo, kudzakuchenjezani ndi kudzasunga umboni. Malangizo awa atsatira dongosolo lomwelo.

Zofunika kukhala nazo

Za chitseko: maloko awiri achitsulo cholimba, zitsulo zokhuthala zokolekapo loko, mabauti a mutu wozungulira a mamilimita 10 ndi manati ake, mipiringidzo iwiri yachitsulo, kapaipi kakafupi, simenti pang'ono, unyolo wokhuthala ngati muli ndi njinga yamoto, komanso wowotcherera amene mumamudziwa bwino.

Za makamera: makamera awiri kapena anayi, chosungira zithunzi, chomwe ndi DVR, NVR kapena memori khadi malinga ndi mtundu wa kamera, mawaya ndi mapaipi a pulasitiki odutsitsamo mawayawo, timabokosi tosalowa madzi, batire, chipangizo choteteza ku mphezi, ndi getsi loyaka lokha munthu akadutsa.

Zogwirira ntchito: makwerero, chobowolera khoma ndi zitsulo, masipanala, tepi yoyezera, tochi ndi foni.

Gawo loyamba: chitseko ndi maloko

1. Zungulirani galaja yonse musanagule chilichonse. Pitani masana, kenako mupitenso usiku ndi tochi, n'kumadzifunsa kuti mukanakhala kuti mwataya makiyi mukanalowera pati. Yang'anani chitseko chachikulu, kachitseko ka m'mbali, windo, mpata wa pakati pa khoma ndi denga, komanso malata enieniwo. Chenjezo: ambiri amaiwala denga, chonsecho lata lokhomedwa ndi misomali wamba limakanuka mosavuta. Ngati galaja ilibe siling'i, uzani wowotcherera kuti ayale zitsulo zopingasa pansi pa malata, ndipo windo likhale ndi zitsulo zolowa m'khoma, osati zongokhomera pa felemu yamatabwa.

2. Limbitsani chitseko, mapata ndi chokolekapo loko. Apa ndi pamene anthu ochuluka amagwera, chifukwa wakuba wodziwa ntchito yake salimbana ndi loko. Amalowetsa chitsulo kuseri kwa chokolekapo loko n'kuchikanula, ndipo misomali imazuka loko ali chitsekere. Chokolekapo loko chikhale chachitsulo chokhuthala, chimangidwe ndi mabauti obowola chitseko mpaka mkati, mutu wozungulira uli kunja ndipo nati ili mkati, kuti munthu wa kunja asowe pogwira ndi sipanala. Pa chitseko chamatabwa ikani kachitsulo kafulati mkati, pansi pa manati, kuti thabwa lisang'ambike likakokedwa. Pa chitseko chachitsulo ndi bwino kuchiwotcherera ndithu, kenako wowotchererayo apange kabokosi kachitsulo kophimba loko, kotsekula pansi pokha, kongokwana dzanja ndi kiyi. Kabokosi kameneka n'kotsika mtengo poyerekeza ndi loko wabwino, koma kamalepheretsa chodulira zitsulo ndi nyundo kufika pa loko, komanso kamateteza lokoyo ku mvula.

Mapata nawonso muwayang'anitsitse. Ngati ali kunja ndipo msomali wake ungathe kugogodedwa n'kutuluka, chitseko chimachoka chonse loko osakhudzidwa. Wowotcherera atseke mutu wa msomaliwo, ndipo awonjezere tizitsulo tiwiri m'mphepete mwa chitseko tolowa m'mabowo a felemu chitseko chikatsekedwa, kuti ngakhale mapata atadulidwa chitseko chisanyamulike. Pa zitseko zotsekula mbali ziwiri, chimodzi chikhale ndi mpiringidzo wolowa pamwamba ndi wina wolowa pansi, mu kapaipi komangidwa ndi simenti. Ngati galaja ili ndi kachitseko ka m'mbali, nzeru yabwino koposa ndi kutseka chitseko chachikulu cha mkati ndi mipiringidzo n'kutulukira pa kachitsekoko, chifukwa potero kunja kwa chitseko chachikulu sikukhala loko woti munthu alimbane naye.

Chenjezo: powotcherera, tulutsani galimoto, njinga yamoto ndi zigubu zonse za petulo. Ndipo ngati mlonda kapena mnyamata wa pakhomo amagona m'galaja, musamutsekere ndi loko wa kunja. Payenera kukhala khomo limene iye angatsekule yekha moto utabuka.

3. Sankhani loko poyang'ana chitsulo chake, osati kukula kwake. Mbali imene imadulidwa ndi kachitsulo kopindika ka pamwamba, khosi la loko. Khosi limeneli likhale lokhuthala mamilimita 10 kapena kuposa, ndipo likhale lachitsulo cholimbitsidwa. Pa maloko otero pamadindidwa mawu akuti hardened kapena boron. Khosi lalitali limapereka mpata kwa chodulira ndi chokanulira, choncho sankhani lalifupi, kapena loko amene mapewa ake amakwera n'kubisa khosi, kapenanso loko wozungulira ngati mbale, amene khosi lake limangooneka pang'ono. Maloko ena amalembedwa mlingo wa kulimba kwake wotchedwa CEN, woyambira pa 1 mpaka 6, ndipo wa galaja yosungira galimoto ayenera kuyambira pa 4. Mayina monga Yale, Union, Viro ndi Abus ndi odziwika, koma dzina likatchuka amalikopera, choncho gulani m'sitolo ya zipangizo zomangira imene imapereka lisiti. Munyamuleni lokoyo m'manja: wabwino amalemera, kiyi wake amatembenuka mosakakamira, ndipo khosi lake limagwidwa mbali zonse ziwiri moti siligwedera akatsekedwa.

Pa kachitseko ka m'mbali ndi pa khomo lochokera m'galaja kulowa m'nyumba, ikani loko wolowa m'thupi la chitseko wa maliva 5 (maliva ndi tizitsulo ta mkati mwa loko timene kiyi amanyamula potsekula). Maloko a maliva 2 kapena 3 ndi a zitseko za kuchipinda, ndipo makiyi awo amafanana kawirikawiri. Khomo lolowera m'nyumba lisapeputsidwe, pakuti munthu akangolowa m'galaja amagwira ntchito mobisika, ndipo zipangizo zanu zomwe ndi zimene angathyolere khomolo.

Chenjezo: loko amene anagwiritsidwa ntchito pa nthawi yomanga, makiyi ake atadutsa m'manja mwa anthu ambiri, achotsedwe ntchito ikangotha.

4. Mangirirani njinga yamoto ngakhale ili mkati. Kumbani kadzenje pansi pa galaja pafupi ndi khoma, mangiranimo mphete yachitsulo ndi simenti, ndipo dutsitsani unyolo wa mamilimita 13 kapena kuposa pa felemu ya njinga, osati pa tayala la kutsogolo limene limamasuka ndi sipanala. Unyolo ndi loko zisagone pansi, chifukwa pansi pamapereka potsamira pomenya ndi nyundo. Lembani nambala ya injini ndi ya felemu, muzisunge m'nyumba pamodzi ndi mapepala a njingayo.

Gawo lachiwiri: makamera

5. Sankhani mtundu wa kamera malinga ndi magetsi ndi intaneti ya pakhomo panu. Pali mitundu inayi imene imapezeka m'masitolo a ku Lilongwe ndi Blantyre. Makamera a waya olumikizidwa ku DVR ndi otsika mtengo, amayendera mavoti 12, ndipo amajambula usana ndi usiku ngakhale popanda intaneti. Makamera a IP olumikizidwa ku NVR amatenga magetsi ndi zithunzi pa waya mmodzi wa netiweki wotchedwa Cat6, amene asapitirire mamita 100, ndipo zithunzi zake zimakhala zowala bwino, koma mtengo wake ndi wokwera. Makamera a Wi-Fi ndi osavuta kuika ndipo amasunga zithunzi mu memori khadi, koma khoma la njerwa ndi chitseko chachitsulo zimafooketsa Wi-Fi, choncho imani ndi foni pamalo pamene mukufuna kuika kamera, zitseko zili zotseka, muone ngati ikugwira. Mtundu wachinayi ndi kamera ya sola yolowa simu khadi, imene ndi yoyenera kumudzi kopanda magetsi a ESCOM. Musanagule, yesani kaye ngati pamalopo pamagwira bwino Airtel kapena TNM, chifukwa m'madera a mapiri ngati athu netiweki imasiyana ngakhale pakati pa nyumba ziwiri zoyandikana.

Kwa munthu amene ali ndi magetsi ndipo galaja ili pafupi ndi nyumba, ine ndimalangiza makamera a waya. Makamera ambiri a sola ndi a batire amagona n'kumadzuka pokhapokha akamva kutentha kwa thupi likuyenda pafupi, ndipo amachedwa pang'ono kudzuka, moti nthawi zina amajambula msana wa munthu amene wadutsa kale.

6. Werengani manambala a pa katoni. Kamera ikhale ya 2MP, imene imalembedwanso 1080p, kapena ya 4MP ngati thumba likulola (nambala ya MP ikakula, chithunzi chimaoneka bwino kwambiri). Ya panja ikhale ndi chizindikiro cha IP66 kapena IP67, kusonyeza kuti fumbi ndi mvula sizilowa. Iziona usiku mpaka mamita 20 kapena 30. Diso la 2.8mm limaona malo aakulu koma anthu amaoneka aang'ono, pamene la 4mm kapena 6mm limaona malo ochepa koma limakokera nkhope pafupi. Choncho la 2.8mm ndi la pabwalo ndi mkati mwa galaja, ndipo la 4mm ndi la pa khomo ndi pa geti. Ngati chitseko chayang'ana kum'mawa kapena kumadzulo, funani kamera yolembedwa WDR kuti dzuwa lisadetse nkhope za anthu.

Za kusunga zithunzi, kamera imodzi ya 2MP yojambula osaleka imadya pafupifupi 20GB pa tsiku, kutanthauza kuti makamera anayi amadzaza hadi disiki ya 1TB m'masiku 11 kapena 12, kenako zatsopano zimayamba kufufuta zakale. Gulani disiki yopangidwira makamera, ndipo memori khadi ikhale yolembedwa high endurance. Chenjezo: memori khadi zotchipa kwambiri za m'misika nthawi zambiri zimalembedwa kukula kumene zilibe, ndipo zimasiya kusunga mwakachetechete pamene kamera ikuoneka ngati ikugwira ntchito.

7. Konzani za magetsi musanakhome kamera ngakhale imodzi. Akuba amakonda usiku wa mdima ndi wa mvula, umene ndi womwewo magetsi amakonda kuzima, choncho makamera opanda batire amakhala atagona pa nthawi yeniyeni imene akufunika. Makamera anayi ndi DVR amadya pafupifupi mawati 35 usiku. Batire la mavoti 12 la 100Ah limasunga mphamvu yokwana 1,200Wh, koma batire la mtovu liyenera kugwiritsidwa ntchito theka lokha kuti likhalitse, ndipo theka limenelo limayendetsa makamerawo maola oposa 12, omwe ndi usiku wonse. UPS yaing'ono ya kompyuta, kabokosi ka batire koyendetsa kompyuta magetsi akazima, imangopirira kanthawi kochepa, choncho musaidalire. Rauta nayonso, chipangizo chogawa intaneti pakhomo, ilumikizidwe ku batire lomwelo, apo ayi makamera azijambula koma foni yanu sidzalandira chenjezo lililonse.

Ngati mukugwiritsa ntchito sola, iyang'ane kumpoto ndipo ipendekeke pang'ono, chifukwa m'miyezi ya June ndi July dzuwa limadutsa chakumpoto, ndipo imeneyi ndi miyezi yomweyo imene chifunga chimakuta phiri la Dedza mpaka dzuwa litakwera. Sola yongokwanira mu October imaperewera mu July, choncho gulani yokulirapo. M'nyengo ya mvula mphezi zimawotcha DVR kudzera m'mawaya, ndiye ikani chipangizo choteteza ku mphezi pa soketi, ndipo waya wochokera kunyumba kupita kugalaja adutse pansi m'paipi m'malo molendewera m'mwamba. Chenjezo: batire la mtovu limatulutsa mpweya woyaka likamatchajidwa, choncho likhale pamalo opita mphepo, kutali ndi petulo. Kulumikiza kulikonse kwa magetsi a mavoti 230 kuchitidwe ndi munthu wodziwa za magetsi.

8. Sankhani malo oika makamera. Kamera imene yaikidwa pamwamba kwambiri, pansi pa denga lalitali, imangoona mitu ndi zipewa, pamene yotsika kwambiri imafikiridwa ndi dzanja. Utali wa mamita 2.5 mpaka 3 ndi woyenera. Kamera yoyamba iyang'ane chitseko chachikulu cha m'mbali, pa mtunda wa mamita atatu kapena anayi, kuti munthu woima pa loko aoneke nkhope. Yachiwiri ikhale mkati mwa galaja, pa ngodya ya kumbuyo, kuyang'ana pa khomo. Imeneyi ndi imene kawirikawiri imagwira nkhope yooneka bwino, chifukwa munthu akalowa amaganiza kuti wabisika. Yachitatu iyang'ane geti ndi njira yolowera, ndipo yachinayi iyang'ane kuseri kumene kuli windo. Ngati n'kotheka, kamera iliyonse izioneka m'chithunzi cha inzake, kuti wofuna kuiphwanya kapena kuiphimba ajambulidwe.

Makamera amaona usiku pogwiritsa ntchito kuwala kumene maso athu saona, ndipo kuwala kumeneku kukagunda khoma loyera, lata kapena tsamba lili pafupi, kumabwerera n'kuchititsa chithunzi chonse kuyera pafupi ndi kuda kutali. Tembenuzani kamera kuti khoma lisalowe kwambiri m'chithunzi. Chifunga chimachitanso chimodzimodzi, ndipo pa chifukwa ichi getsi loyaka lokha ndi lofunika kwambiri kwathu kuno: liikeni motalikirana ndi kamera mita imodzi kapena iwiri, liziwalitsa pa chitseko koma lisawalire m'diso la kamera. Kamera isayang'ane pabwalo, pa bafa kapena pa mawindo a anansi anu. Ndi bwino kuwaitana kuti aone okha pa foni zimene kamera ikujambula, chifukwa anansi omwewo ndi amene adzathamangire kwanu mukadzakuwa usiku.

9. Khomani makamera ndi kubisa mawaya. Musanabowole khoma, wina agwirizire kamera pamalopo inu mukuyang'ana chithunzi. Mawaya onse adutse m'mapaipi, ndipo polumikizira pakhale m'kabokosi kosalowa madzi, chifukwa tepi yakuda yokha imamatuka ikapsa ndi dzuwa. Waya asanalowe m'khoma apindike pang'ono chotsika kuti madzi a mvula azidontha pansi m'malo motsatira waya. DVR isakhale m'galaja, ndiponso isakhale pabalaza pansi pa TV pamene aliyense akuiona. Ibisike m'chipinda cha mkati, m'kabati yokhoma koma yopita mphepo, popeza wakuba akanyamula DVR wanyamula umboni wonse.

10. Tcherani makina ndi kuwayesa usiku. Sinthani pasiwedi imene makina anabwera nayo, ndipo ngati anakuikirani ndi munthu wina, musinthenso iye atachoka, akaunti ya pa foni ikhale m'dzina lanu. Konzani tsiku ndi nthawi, chifukwa chithunzi cholembedwa tsiku lolakwika chimavuta kuchigwiritsa ntchito ngati umboni. Sankhani malo okhawo amene mukufuna kuti kamera izikuchenjezani, monga pa chitseko ndi pa geti, ndipo ngati makina amatha kusiyanitsa munthu ndi nyama, yatsani zimenezo. Foni yolira chifukwa cha galu ndi nthambi za mtengo imatopetsa, mapeto ake mwini wake amaizimitsa. Poonera pa foni gwiritsani ntchito chithunzi chopepuka, pakuti chowala kwambiri chingathe kudya pafupifupi 1GB ya bandulo pa ola limodzi.

Kukada, uzani munthu wa pakhomo kuti avale chipewa, alowe pa geti n'kukaima pa loko, kenako bwezani zimene zajambulidwa muone ngati mungamuzindikire mukanakhala kuti simukumudziwa. Mukatero zimitsani magetsi a nyumba yonse pa switchi yaikulu muone ngati makamera akupitiriza kujambula. Pomaliza yesani kukopera kachidutswa ka zithunzi mu fulashi, kuti tsiku lopita nazo ku polisi ya Dedza kapena ya Ntcheu lisadzakhale tsiku loyamba kuphunzira zimenezi.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Cholakwika chachikulu ndi kuika zinthu n'kuziiwala. Akangaude amakonda kuluka pa diso la kamera chifukwa kuwala kwake kumakopa tizilombo, ndipo ulusi umodzi wokha umaoneka ngati chingwe choyera chotchinga chithunzi chonse usiku. Fumbi la September ndi October limachitanso zomwezo. Pukutani diso la kamera ndi nsalu yofewa kamodzi pa mwezi, ndipo sabata iliyonse bwezani zithunzi za dzulo lake kuti mutsimikize kuti disiki ikusungadi. Batire nalo limafooka ndi zaka, choncho kuyesa kozimitsa magetsi kuja kubwerezedwe mvula isanayambe.

Maloko amawonongeka ndi mafuta olakwika. Mafuta ophikira ndi oyilo wakuda wa galimoto zimagwira fumbi n'kuumitsa tizitsulo ta mkati; thirani ufa wa graphite (chinthu chakuda chonga cha mkati mwa pensulo) kapena mafuta opopera opangidwira maloko. Loko akayamba kukakamira, musinthe msanga, chifukwa loko wovuta kutseka ndi amene anthu a pakhomo amayamba kungomukoleka osamutseka.

Ena amabisa kiyi pansi pa mwala kapena pamwamba pa felemu, ena amasiya makiyi a galimoto m'galimoto momwemo, ndipo ena amasiya makwerero, khasu ndi zitsulo panja pafupi ndi galaja. Zonsezi zilowe mkati, ndipo makiyi a galimoto ndi a njinga azigona m'nyumba. Kusiya chitseko cha galaja chili pululu masana onse kumaonetsa aliyense wodutsa zimene zili mkati, makamaka nthawi yokolola mbatatesi ndi yogula feteleza pamene m'galaja mumadzaza katundu.

Makamera abodza, ongokhala ndi kagetsi kofiira, amapusitsa ana okha. Chimodzimodzinso kamera imodzi yozungulira siingalowe m'malo mwa makamera awiri oima, chifukwa ikayang'ana ku geti, ku chitseko kulibe woona.

Foni ikakuchenjezani usiku n'kuona anthu pa galaja, musatuluke nokha kukalimbana nawo. Yatsani magetsi onse a panja, imbirani apolisi ndi a chitetezo cha m'dera lanu, ndipo dzutsani anansi muli m'nyumba. Manambala awo akhale osungidwa kale m'foni ya aliyense wamkulu wa pakhomo. Kukacha musagwire loko, chitseko kapena chilichonse chimene akubawo anasiya mpaka apolisi atafika, koperani zithunzi za usikuwo tsiku lomwelo zisanafufutike, ndipo muzipereke kwa apolisi m'malo moziponya pa Facebook kapena pa WhatsApp, pamene munthu wosalakwa wongofanana nkhope ndi wakubayo angathe kuvulazidwa ndi gulu.